Khofi wa Mkamwini

Kwa Kamtedza, kamudzi ka kuseri kwa Nsaru, a Damiano ankadziwika ndi zinthu ziwiri: anali mkamwini, ndiponso ankasenza madzi pamutu ngati mzimayi. Zoti anabadwira ku Mpingu, zoti anaphikira wansembe wachizungu zaka makumi awiri osapsereza ngakhale dzira, zoti pa ana anayi amene anabala atatu anawaika m'manda a pamudzi pomwepo, panalibe amene ankaziwerengera. Mkamwini ndi mkamwini basi. Amange nyumba, nyumbayo ndi ya mkazi. Aswe mphanje mpaka manja achite matuza, mundawo ndi wa mkazi. Abale ana, anawo ndi a atsibweni awo. Imvi zimere mutu wonse, pabwalo adzamutchabe mlendo, ndipo akangotsegula pakamwa wina adzamukumbutsa kuti mkamwini asamakule mwendo. A Damiano anakhala moyo umenewu zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi, akuseka pamene ena akanatukwana, ndipo nkhani yawo ikakumbukika mtima umachita kuwira.

Ntchito yaukhukhi anaipeza patatha zaka ziwiri atakwatira a Tisiyenji, pa mishoni ina ya ulendo wa theka la tsiku kuchokera kwa Kamtedza. Wansembe amene ankamuphikira anthu anamutcha Abambo Chandevu. Pa chakudya sankavuta mkuluyo. Nyemba adye, nkhwani adye, ngakhale therere analiphunzira. Koma pa khofi ankasanduka munthu wina, moti akhukhi awiri anali atachotsedwa kale chifukwa cha kapu imodzi ya m'mawa.

Khofiyo ankabwera m'thumba kuchokera kumapiri a kumpoto, nthanga zotuwa mobiriwira, zosanunkhira chilichonse. Kuzipatsa fungo inali ntchito ya a Damiano, ndipo apa ndi pamene anapambana anzawo aja. Chiwaya anachikana, ankati chitsulo chimapsereza kunja m'kati mukadali mwawisi. Iwo ankakazingira m'phale, lomwe lija amayi amakazingira mtedza, pamakala osati pamalawi, akutakasa ndi mthiko osapumira, khutu lili tcheru. Nthanga zija zimayamba zasanduka zachikasu, kenaka zofiirira, kenaka zimathetheka ngati chimanga chokazinga. Nzeru yonse yagona pamenepo. Ukaphula msanga khofi amawawasa, ukazengereza mpaka kuthetheka kwachiwiri kuthe, wangopanga makala. A Damiano ankaphula pakati pa kuthetheka kuwiriko, n'kukhuthulira m'lichero, n'kupeta kuti mankhusu auluke ndi nthanga zizizire. Kusinja kwake kunali m'kamtondo kakekake, kosalawapo tsabola kapena nsinjiro. Madzi akawira ankawaphula kaye kuti ukali uchepe, n'kuthira pa ufa uja, ndipo nthawi yodikira ankaiyeza ndi mikanda khumi ya kolona. Akasefa pa kansalu koyera, Abambo Chandevu ankamwa atatseka maso. A Damiano ankamwa zotsalira pansi pa ketulo, ndipo ndi zotsalira zomwezo anaukonda khofi kuposa mwini wake.

Masiku amene wansembeyo wadzuka bwino ankaima pakhomo pa khitchini n'kumacheza. Ankati khofi ali mitundu iwiri, wa kumapiri wofatsa pakamwa ndi wa kuzigwa zotentha waukali. Ankatinso mtengo woyamba m'dziko muno unabwera pa sitima ndi amishoni a ku Kabula, agogo a a Damiano ali anyamata. Kuseri kwa khitchini kunali mitengo itatu ya mtundu wa kumapiri imene mkuluyo anadzala mongoyesa, ndipo woithirira anali a Damiano omwewo. M'chaka cha 1952, ukalamba utamugwira m'mawondo, Abambo Chandevu anaitanidwa kwawo. Potsazikana anapatsa khukhi wake mbande khumi ndi ziwiri zofesedwa m'zitini.

"Damiano, mtengo uwu ukausamala ubereka zaka makumi atatu," anatero wansembeyo. "Iwe udzapita, adzukulu ako akuthyolabe."

Mawu amenewa ndi amene anawalowa m'mafupa. Munthu amene ankadziwa kuti tsiku lina adzachoka kwa Kamtedza ndi khasu lokha anaona koyamba chinthu chimene chingatsale pamudzipo chikumutchula dzina. Ntchito anaisiya pomwepo, zitini zija anazisanja m'dengu, n'kusenza mpaka kwawo kwa mkazi.

A Tisiyenji anali mayi wamfupi, wa pakamwa pakuthwa. Mwamuna wawo anawaphikira khofi kamodzi ndi nthanga zotsala za kumishoni, masana pakhonde. Anafwenkha kapu, analawa, n'kukwinya nkhope.

"Fungo lake ndi lakumwamba, aPhiri, koma kukoma kwake ndi kwa kwinini," anatero. Anapita kukathyola mfundo ya nzimbe n'kumaluma uku akumwa, mpaka kapu inatha. "Kumbani maenje kudimba kwanga, pafupi ndi nthochi paja."

Maenje asanathe n'kukumbidwa komwe, anatulukira a Bizwell, mchimwene wawo wa a Tisiyenji, mwinimbumba wa banjalo. A Bizwell anali mlimi wa fodya wa chikopa wotchuka mpaka ku Nsaru. Ankavala chipewa ngakhale pamthunzi, ndipo lamulo la boma ankaliopa kuposa njoka. Munthu woipa sanali ayi. Akanakhala woipa bwenzi nkhaniyi ili yopepuka kuisenza.

"Alamu, ndamva kuti kudimba kwakumbidwa maenje," anayamba motero atalandira mpando.

"Eya, alamu. Ndi a khofi, wa kumishoni."

"Khofi ameneyu ndi mbewu kapena mtengo? Paja mukudziwa inu, mkamwini sadzala mtengo pamudzi pa eni. Wodzala mtengo ndiye kuti wati dothi ndi lake. Lero ndi khofi, mawa abale anu a ku Mpingu adzabwera kudzaloza malire."

Amene anayankha ndi a Tisiyenji, osasiya n'komwe mtedza umene ankaswa.

"Mtengo wanji, achimwene? Ndi mbewu ngati fodya wanu yemweyo, kungoti iyi imachedwa. Chinangwa sichikhala m'munda zaka ziwiri kodi? Ndiye chinangwa ndi mtengo?"

"Zoona zimenezi, alamu?" anafunsa a Bizwell.

A Damiano anayang'ana zitini zija zili ndondondo m'mbali mwa khoma. Munthu wa kolona m'thumba, bodza anali asanalizolowere.

"Zoona," anatero, mawu ali pansi.

"Basi, ngati ndi mbewu limani. Za mbewu ine sindiletsa munthu."

Taonani mwambo wochititsa munthu wamkulu kunama kuti adzale chinthu chodzadyetsa adzukulu a eni mudzi omwewo. Akanati akufuna kudula mitengo yonse ya m'dambo kuti afukizire fodya wa alamu awo, akanawaombera m'manja. Koma kudzala umodzi, mlandu. Tsiku lodzala, a Tisiyenji anaika okha mbande iliyonse m'dzenje ndi manja awo, mwamuna wawo akungokwirira, kuti wina akadzafunsa adzanene kuti anadzala ndi mwini dothi.

Tsono khofi wa kumapiri chigwa chathu cha fumbichi sachifuna. Dzinja lokha ndi limene ankasangalala, chilimwe chikafika masamba ankalendewera ngati makutu a mbuzi yodwala. A Damiano anamanga mpanda waminga, anaphimbira pansi ndi udzu, anathira phulusa kuti chiswe chisayandikire, komabe mbande ziwiri chiswe chinadya, zinatsala khumi. Kamtsinje ka kudimba katauma, madzi ankachokera pachitsime cha kudambo, mtunda woti munthu n'kutuluka thukuta asanafike. Mkazi mmodzi sakanatha kutungira nyumba ndi mitengo khumi. Choncho a Damiano anapota nkhata, anatenga ndowa, n'kukaima pamzere pachitsime pamodzi ndi azimayi.

Mudzi wonse unapeza choseka cha zaka zitatu. Amuna pamowa anawatcha Nadamiano. Ena ankafunsa ngati atayambenso kusinja ndi kubereka mwana kumbuyo. Azimayi pachitsime ankawapatsa malo mwaulemu, akangotembenuka kuseka kuli gwedegwede. A Damiano zinkawapweteka, tisaname, masiku ena ankabwera kunyumba osafuna kulankhula ndi munthu. A Tisiyenji ndi amene ankawabwezera anthu mawu mmodzimmodzi, moti bambo wina atawafunsa kuti m'nyumbamo mwamuna ndani, anamuuza kuti mwamuna ndi amene sagona m'ngalande Loweruka. Bamboyo sanafunsenso.

Mu Novembala wa 1955, mvula yoyamba itagwa, mitengo ija inali itafika m'chifuwa mwa munthu wamkulu. M'mawa wina a Damiano anapeza nthambi zonse zili mbee ndi maluwa, njuchi zili piringupiringu, fungo likufika mpaka kunjira ya kumudzi. Anathamanga kukaitana mkazi wawo, ndipo aka kanali koyamba anthu kuwaona akuthamanga. A Tisiyenji anakhala pansi pakati pa mitengoyo m'mawa wonse, ntchito zonse zili chiimire. Maluwa a khofi sakhalitsa, masiku atatu okha anayoyoka, m'malo mwake munatuluka tizipatso tobiriwira tothinana m'nthambi.

"Zifiira liti?" anafunsa a Tisiyenji.

"Nthawi ya chisanu, Nabanda. Juni akamalowa."

Juni ameneyo a Tisiyenji sanamuone. Mu Febuluwale ananyowa ndi mvula pobandira chimanga, chibayo chinawagwira, ndipo tsiku lachisanu anatsirizika pamachira anthu akuthamangira nawo kuchipatala. A Damiano analira ngati mwana, pamaso pa anthu, osabisa. Anataya mkazi, anatayanso pakamwa pawo, pakuti pamudzipo amene ankawalankhulira anali yekhayo.

Maliro atatha, anthu atameta, sipanapite nthawi. Mu Epulo a Bizwell anaitanitsa ankhoswe a ku Mpingu kuti adzasudzule mlamu wawo, ndiko kumasula mwamuna amene mkazi wake wamwalira kuti abwerere kwawo. Anthu anakhala pabwalo pa nyumba imene a Damiano anaumba okha njerwa zake. Mawu a a Bizwell anali okoma ngati uchi.

"Alamu athuwa anatisungira bwino mlongo wathu. Sanamumenyepo, sanamugonekepo ndi njala. Tilibe nawo mlandu. Tikuwamasula ndi mtima woyera, apite kwawo akapume, akafuna kukwatira akakwatire."

Anthu anaomba m'manja. Umu ndi mmene amathamangitsira munthu kwathu kuno, momuyamikira, mwakuti iye yemwe amayenera kunena zikomo. A Damiano anagwada bondo limodzi, chipewa chili m'manja.

"Ndamva, alamu, ndipo sindikukana. Ndikupempha miyezi iwiri yokha. Khofi afiire, ndithyole, ndionetse mwana kachitidwe kake, kenaka ndipite."

"Mwambo sudikira mbewu, alamu," anayankha a Bizwell mofatsa. "Tikakusungani, anthu adzati tikukulimitsani mkazi kulibe. Nyumbayinso ikufunika kwa mwana wanu Natalia ndi mwamuna wake, paja ndi woyembekezera. Za mbewu musade nkhawa. Kukolola timakudziwa ife, fodya wanga sanabwererepo pamsika. Tikatha tidzakutumizirani uthenga."

Miyezi iwiri, kwa munthu amene anawapatsa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Galu amene wakalamba pakhomo samuthamangitsa chonchi. A Damiano mawu anafika pakhosi akuti alamu, uja ndi mtengo, usamaleni. Koma akananena bwanji pabwalo lodzaza, tsiku lomwe akusudzulidwa, kuti mkamwini anadzala mitengo mwakabisira, ndipo amene ananama ndi malemu? Nkhwangwa zikanalowa kudimba dzuwa lisanalowe. Anawameza mawuwo.

Chinsinsicho anauza Natalia yekha, mwana wawo mmodzi amene anakula. Anapita naye kudimba m'mawa wa tsiku lochoka.

"Mwana wanga, uwu ndi mtengo. Amako ananama kuti tiudzale, ine ndinavomera. Atsibweni ako usawauze, adzaone okha ukadzabereka kachiwiri, mwina pamenepo mtima udzagwa. Pothyola uzisankha zofiira zokha, chimodzichimodzi, zobiriwira uzisiya zidikire sabata ina. Ukafinya makoko, nthanga uziviike mumtsuko mpaka kuterera kuthe, utsuke, uyanike pamphasa padzuwa uku ukutembenuza. Wamva?"

"Ndamva, atate."

"Chilimwe mwamuna wako akachita manyazi ndi ndowa, umuuze kuti apongozi ake sanafe nayo."

Anachoka ndi khasu, nkhwangwa, mphasa, bulangeti ndi ketulo yakale ya kumishoni. Ku Mpingu anawapatsa kanyumba kuseri kwa mlongo wawo. Kumeneko ndiye kunali kwawo, eti, kumene ana ankawatcha atsibweni koma osadziwa kuti amaseka bwanji, kumene munda wa amayi awo unali utagawidwa kalekale. Juni analowa, mphepo yozizira inayamba, a Damiano ankadziwa kuti kwa Kamtedza nthambi zafiira. Miyendo inkawayabwa. Koma wosudzulidwa sabwerera pamudzi asanaitanidwe, angamuyese kuti akusuzumira akazi a eni. Anadikira, akudzitonthoza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Uthenga unabwera mu Ogasiti ndi bambo wina wogulitsa mchere panjinga. Natalia wachira, mwana wamwamuna, ndipo a Bizwell akuti mbewu yanu yakololedwa, mukatenge. A Damiano ananyamuka m'bandakucha, ketulo ili m'thumba, nzimbe ziwiri zili paphewa. Anafika dzuwa litapendeka.

Mdzukulu anamunyamula, anamuyang'ana zala ndi makutu, anaseka. Koma Natalia anali ataonda, ndipo maso ankathawitsa. Pakati pake panavuta, anatero, moti anapita kukadikirira kuchipatala cha mishoni Juni atangoyamba, anakhalako masabata asanu ndi awiri, wabwera posachedwa pomwepa.

"Ndiye khofi anathyola ndani?" anafunsa a Damiano.

"Atate," anayamba Natalia, koma sanamalize, pakuti a Bizwell anali atafika kale pabwalo atanyamula dengu lovindikira ndi chiguduli, nkhope ili ngwee ngati munthu wobweretsa mphatso.

"Alamu, mwayenda bwanji? Nayi mbewu yanu, palibe imene yatayika ngakhale imodzi."

Chiguduli chisanachotsedwe n'komwe, a Damiano anamva fungo la utsi. M'dengumo munali tizipatso takuda bii, tokwinyika, tili ndi makoko omwe, tatikulu ndi tating'ono tosakanikirana.

"Tinapulula zonse tsiku limodzi, zofiira ndi zobiriwira zomwe, kuti mbalame zisatithere," anafotokoza a Bizwell monyadira. "Kenaka ndinati mbewu ya alamu anga isaume pamphasa ngati mphale, nkhuku zikupalasa. Ndinaiika m'balani momwe ndimafukizira fodya, masiku asanu ndi anayi, utsi wa nkhuni zosankha. Masamba anga enieni sindinawasamalepo chonchi."

A Damiano anatola kamodzi, anakaswa ndi mano. Nthanga inali yakufa, yowawa mwaye. Sikanamera, sikanamwekanso. Thukuta la zaka zitatu ndi theka linali litasanduka chinthu choti ngakhale nkhumba ikanafwenkha n'kuchoka. Mkwiyo unakwera, koma anaupondereza monga anazolowera. Zokolola za chaka chimodzi ndi zimene zapita, anadziuza, mtengo ulipo.

"Zikomo, alamu, mwavutika," anatero. "Koma chaka chamawa musadzafukize. Natalia akudziwa kachitidwe kake, mudzamusiyire."

"Chaka chamawa sichingatheke, alamu. Ngakhale mutafesa mvula ikubwerayi, paja mbewuyi imachedwa."

Natalia anaphimba nkhope ndi nsalu n'kuyamba kulira. A Damiano anamuyang'ana, anayang'ana alamu awo, kenaka anaimirira n'kulunjika kudimba osatsazika munthu.

Mpanda waminga unalipo. Nthochi zinalipo. Pamene panali mitengo panali maenje khumi, dothi lake litauma kale, ndipo pakati pake mulu wa phulusa wokhala ndi zitsa zakuda zosapsa bwino. Anaima pamenepo manja ali lende. A Bizwell anawapeza akupuma mwawefuwefu, chipewa chili m'manja.

"Kapitawo wa fodya anabwera mwezi watha," anatero. "Anati mapesi onse azulidwe ndi kutenthedwa mwezi usanathe, wopezeka nalo phesi m'munda akaonekera kukhoti. Mbewu ikakololedwa phesi limazulidwa, lisasunge matenda, ndi lamulo limenelo. Ndinati ndisasiye munda wa malemu mlongo wanga uli wauve. Koma mizu yake inativuta, alamu, amuna atatu tinatha tsiku lonse."

"Inakuvutani," anatero a Damiano. "Mizu yofika m'chiuno, tsinde lofuna nkhwangwa, amuna atatu tsiku lonse, ndipo panalibe mmodzi amene mutu unamuuza kuti limeneli si phesi? Unali mtengo, alamu. Mitengo khumi. Ikanabereka chaka chamawa, ndi chinacho, ndi chinacho, mpaka khanda lili m'nyumbalo litamera ndevu. Si ine ndikanathyola, ine munandisudzula kale. Akanathyola ndi mbumba yanu yomwe. Mlongo wanu anaika mbande iliyonse m'dothi ili ndi manja ake. Ine ndinasenza madzi pamutu zaka zitatu mudzi wonse ukundiseka, inu mukuseka nawo. Ndinapempha miyezi iwiri, munati mwambo sudikira. Kapitawo atabwera ndi lamulo lake, simunadikirenso ngakhale kuti mwana atuluke m'chipatala mumufunse."

Anthu anali atayamba kusonkhana kunja kwa mpanda. Sanamvepo mkamwini akukweza mawu kwa mwinimbumba, ndipo a Damiano sanasamale kuti akumva ndani. A Bizwell nkhope inagwa. Anayang'ana maenje aja ngati akuwaona koyamba.

"Koma munanena nokha kuti si mtengo," anatero. "Ndinakufunsani pakhonde, munati zoona. Bwanji simunandiuze?"

"Ndikanakuuzani, mukanandilola kudzala?"

A Bizwell anapotokola chipewa m'manja. Bodza iwo sankalidziwa, ndi chimene chinkapweteka kwambiri pa munthu ameneyu.

"Ayi," anayankha. "Sindikanalola."

Anabwerera kumudzi motsatana, wina kutsogolo wina kumbuyo, anthu akuwapatukira. A Damiano anagona kwa mnansi, pakuti m'nyumba yawo yakale munali mkamwini watsopano. M'mawa anadalitsa mdzukulu, anasiyira Natalia nzimbe zija, n'kunyamula thumba lawo. Ali pafupi kutuluka m'mudzi anamva mapazi kumbuyo. Anali a Bizwell, atasenza dengu lija, maso ali ofiira ngati munthu amene sanagone.

"Mwaiwala izi, alamu," anatero. "Tengani zonse ndithu. Sitifuna kuti mawa anthu azidzanena kuti kwa Kamtedza kunatsala kanthu kanu."

A Damiano analandira dengulo ndi manja awiri, monga amalandirira munthu waulemu, analiika pamutu popanda nkhata, n'kuyamba ulendo wa ku Mpingu.